Kuwotcha ndi Kuwotcherera

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yowotcherera zitsulo. Anthu ankamutchula ndi mfunda wake, a Ngozo. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi zitsulo zotchingira akuba, ndipo pamene iye walumikiza sipankathyoka. Uku sikumukometsera ayi. Aliyense amene anagulapo geti kwa iye ankanena zomwezo.

Bambo ake atamwalira anasiya galimoto yakale, kapikapu kotuwa. Inakhala zaka zambiri kuseri kwa nyumba itakhazikidwa pa njerwa. Mvula inkalowera pagalasi losweka, madzi n'kumakhazikika pansi pa mpando.

Mayi ake, a Nangondo, anali atakalamba. Maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo miyendo sinkawalolanso kukwera njinga ya kabaza. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho, kumene minibasi siifika, ndipo mwa abale awo onse kunatsala mng'ono wawo yekha, nayenso wodwaladwala. Tsiku lina m'chilimwe anaitana mwana wawoyo.

"Ndikufuna ndikamuone mng'ono wanga mvula isanagwe."

"Ndikupezerani galimoto ya hayala, amayi."

"Ya eni ayi. Ili kuseriyi ndiyo inandichotsa kwathu. Indibwezeko yomweyo."

Munthuyo sanatsutse. Anaitana makaniko, ndipo patapita masabata angapo injini inalira. Anapeza matayala, galimoto inatsika pa njerwa, naiimika kutsogolo kwa nyumba, kufupi ndi msewu. Chinatsala ndi thupi lake. Mbali ya dalaivala inali yolimba ndithu, koma mbali inayo, imene mayi akanakhala, dzimbiri linali litadya popondapo mapazi, ndipo linali litayamba kukwera nsanamira imene imanyamula chitseko. Apa munthuyo anati sipafunika kuitana wina. Chitsulo ndiyo inali ntchito yake.

Makina ake owotcherera anali atapsa chaka chomwecho, ndipo ankangobwereka a mnzake. Choncho anakwera basi kupita ku Limbe kukagula zida. M'sitolomo anapeza wogulitsa wa imvi, amene asanaloze chilichonse anayamba ndi funso.

"Mukukadula chiyani, bambo, nanga mukukalumikiza chiyani?"

"Chitsulo."

"Ndamva. Chitsulo chake chotani?"

"Kodi muno mumagulitsa zida kapena mumalembetsa mayeso?"

Wogulitsayo anaseka. "Zonse ziwiri, achimwene. Koma mayesowo salipiritsa."

Atamva kuti ndi galimoto, anatulutsa gulayinda yaing'ono yodulira chitsulo, ya chimbale chopyapyala, sizasi yodulira malata, ndi zida za gasi zimene amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, za kalawi kakang'ono kosongoka. Anati lata la galimoto ndi lopyapyala, limafuna moto woliyendera pang'onopang'ono.

A Ngozo anatembenuza kakamwa ka gasiko m'manja mwawo. "Aka n'koyatsira fodya aka," anatero. Analoza gulayinda yaikulu, n'kulozanso makina a magetsi olemera, a marodi, mawaya aja amasungunuka polumikiza chitsulo.

Tisafulumire kumuyesa chitsiru munthuyu. Anali ndi zifukwa. Gasi anali asanagwiritsepo ntchito, ndipo akatha amafuna ulendo wokadzazitsa. Makina aakuluwo akanamutumikira pa mageti zaka zambiri, pamene galimoto inali ntchito ya kamodzi. Zonsezi zinali zoona. Koma zonsezi zinkanena za iye ndi za mageti ake. Panalibe chimene chinkanena za lata lodyedwa ndi dzimbiri lija.

"Makinawo ndi abwino, sindingakunamizeni," anatero wogulitsa pomanga katunduyo. "Koma mukayambe mwayesa pa kachidutswa kotayika."

Munthuyo anavomera ndi mutu, monga amavomerera munthu amene akuganiza za basi yobwerera.

M'mawa mwake anayamba ntchito, ndipo anayamba mosamala. Anachotsa mpando ndi chitseko, anachotsa batire, anatsitsa thanki ya petulo n'kukaiika patali. Zimenezi ankazidziwa bwino. Kenako anayatsa gulayinda.

Gulayinda yaikulu ndi yolemera, ndipo pamalo opanikiza siikhota. Pamene ankafuna kuchotsa dzimbiri lokha, chimbale chinkapitirira n'kulowa m'chitsulo chamoyo. Bowo limene linayenera kukhala ngati chikhatho linakhala ngati lichero. Iye anati palibe kanthu, chigamba chingokula. Ndipo chigambacho anachidula pa chitsulo chokhuthala chotsala pa geti, poti ndicho chinalipo.

Anatchinga maso ndi galasi lakuda, nagunditsa rodi. Chigamba chisanafiire n'komwe, lata la galimoto linali litasungunuka n'kugwera pansi. Anachepetsa mphamvu ya makina mpaka pamapeto. Tsopano rodi inangomatirira, moto osayaka.

Pa ntchito ya mageti, rodi ikamamatirira mankhwala ake ndi amodzi: kuwonjezera moto. Dzanja lake linali litachita zimenezi zaka zambiri, ndipo linachitanso mutu usanafunsidwe. Moto unayaka, bowo linatseguka. Anatseka bowolo, lina linatseguka pambali pake. Anatsatira linalo, ndipo mzere wa mabowo unayenda chokwawa kulunjika ku nsanamira.

Dzuwa litafika pamutu, mkazi wake anabwera ndi madzi akumwa. Anasuzumira m'galimotomo, naona nthaka pamene panayenera kukhala chitsulo.

"A Ngozo, kodi mukuwotcherera kapena mukungowotcha?"

"Za zitsulo zisiyeni. Kaonani za pamoto panu."

"Pamoto panga zikayamba kupserera ndimaphula," anayankha mkaziyo, naika kapu pansi n'kuchoka.

Munthuyo anachotsa galasi kumaso, nayang'ana ntchito yake ndi kuwala kwa dzuwa. Pamenepo anadziwa. Panalibenso chobisika. Nsanamira inali isanakhudzidwe ndi moto, ndipo pamsika, ulendo wa pansi, panali munthu wowongola magalimoto amene anali ndi zida za gasi. Akanatha kuzimitsa makina n'kukamuitana.

Koma m'mbali mwa msewu munali mutaima anthu, monga amaimira anthu paliponse pamene pakuthetheka moto. Ena mwa iwo anali eni mageti amene iye anapanga. Munthuyo anawayang'ana, nayang'ananso nsanamira. Anadziuza kuti mzere umodzi wonenepa, wochokera pa chigamba kukwera nsanamira, ugwira zonse pamodzi. Anabwezera galasi kumaso, nawonjezera moto.

Nsanamira sinasungunuke nthawi yomweyo. Inamwa moto, inafiira, ndipo kunsi kwake, kumene dzimbiri linali litaipepula, inadukiratu. Pozizira inadzikoka n'kupindika. Atayesa kubwezera chitseko, chinalendewera chammbali. Anachikweza, anachikankha ndi phewa, koma sichinatsekeke.

Fungo la penti wopserera linafika pakhonde pamene mayi ake ankakhala. Anadzuka ndi ndodo yawo n'kubwera pang'onopang'ono.

"Samalani, amayi, pakutentha."

Anaima n'kudikira mpaka pazizire. Kenako anawerama, nayendetsa zala m'mphepete mwa bowolo, kuyambira pamene linayambira mpaka pamene linathera. Anagwira nsanamira, ndipo inagwedezeka m'dzanja lawo.

"Dzimbiri ladya muno zaka zonsezi," anatero, "koma linandisiyira poponda."

Anabwerera pakhonde.

Tsiku lotsatira munthuyo anakaitana wowongola magalimoto uja. Iyeyo sanaseke ndipo sanadzudzule. Anati pansipo angathe kukonza, koma nsanamira yafa, pafunika kudula ina pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo, ndipo za mtundu umenewo zinali zitasowa. Anayamba kufunsa m'magalaja, apafupi ndi akutali. A Ngozo anatchulanso za galimoto ya hayala, koma mayi awo anati adikira yomweyo, poti inali itatsala pang'ono.

Akufunsabe, mvula yoyamba inagwa, ina n'kutsatira, ndipo mtsinje unadzaza. M'dzinja lomwelo mng'ono wa a Nangondo anamwalira kutsidyako. Uthenga unabwera pa foni, ndipo maliro anaika iwo kulibe.

Makina aja sanali oipa. Anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo mageti amene anatuluka m'menemo anali olimba monga kale.

Tsono inu amene mumaitanidwa pamene zinthu zawonongeka pakati pa anthu, inu ankhoswe, makolo, akulu a mpingo, mvetsani izi. Kuwotcha ndi kuwotcherera ndi mawu apachibale, ndipo moto wake ndi umodzi. Chimene chimawasiyanitsa ndi mphamvu ya chinthu chimene chikulandira motowo. Mawu amene munawongolera munthu wouma mutu, nakuthokozani pambuyo pake, angaboole wina amene mavuto anamudya kale mpaka kutsala wopyapyala. Luso lanu silikhala umboni wakuti chida chanu n'choyenera pano. Musanasankhe cholankhula, yambani mwagwira chimene chatsala mwa munthuyo, mudziwe kuti chingapirire moto wochuluka bwanji. Ndipo mukaona kuti pamene mukulumikiza m'pamene pakung'ambika, musawonjezere moto. Zimitsani, ngakhale anthu akukuyang'anani, mukaitane wina pakadali chogwira.