Telala Amene Anabisa Bala

Panali telala wina wosokera pakhonde la sitolo, munthu wanthabwala, amene phazi lake lopalasa makina ndilo linkadyetsa banja lonse. Atamupeza ndi matenda a shuga, apabanja pake anachita mantha, ndipo chifukwa chomukonda, onse anasanduka apolisi.

Moni wam'mawa unatha pakhomopo. M'malo mwa "Mwadzuka bwanji?" ankangomva "Shuga ali bwanji lero?" Tiyi wake ankamuikira pambali, ena akutakasa shuga m'makapu mwawo mozemba. Akangotsokomola, mkazi wake ankagwetsa misozi, ana n'kuyamba kuimbirana mafoni. Telala uja anaona kuti wasanduka mtolo kwa anthu amene amawakonda, ndipo nthabwala zake zinauma.

Tsiku lina nsapato inamutulutsa thuza, thuzalo n'kusanduka bala. Ankadziwa zimene anamwino ankanena, kuti bala la munthu wa shuga likachedwa limapita ndi phazi. Koma mumtima anati, "Ndikangonena, m'nyumba muno mugwa maliro ndili moyo." Anavala sokosi n'kukhala chete. Bala linkakula.

Mkazi wake sankadziwa za balalo, ankangoona kuti mwamuna wasiya kuseka. Pa tsiku la maphunziro a shuga kuchipatala anadandaula kwa namwino. Namwinoyo anamufunsa kuti, "Kodi munacheza nawo liti nkhani ina yosakhudza matenda?" Mayiyo anabwerera kunyumba akulingalira funsolo.

M'mawa mwake anathira tiyi wopanda shuga m'makapu awiri, n'kukhala pafupi ndi mwamuna wake. Mayiyo atamwako, nkhope yake inakwinyika.

"Bambo a Lonjezo, ndiye mwakhala mukumwa zimenezi nokha? Ndinu olimba mtima ndithu. Mwadzuka bwanji?"

Telala anaseka mpaka misozi. Kenaka anawerama n'kuvula sokosi pang'onopang'ono.

"Ndadzuka, mayi a Lonjezo. Koma taonani apa. Musalire."

Mayiyo anameza misozi, anamanga chitenje, n'kumugwira dzanja. Anafika kuchipatala nthawi ikadalipo, ndipo makina aja akulirabe pakhonde paja.

Inu amene mukusamalira odwala shuga, ndikudziwa kuti mantha anuwo ndi chikondi, ndipo ndimakumverani chisoni. Koma wodwala akaona kuti mitima yanu siingapirire, amabisa bala pofuna kukutetezani inuyo. Mawa m'mawa, musanafunse za shuga, yambani mwamufunsa mmene wadzukira iye mwini.