Mpungabwi wa Naliyela

Kalekale, zilombo zikadayenda masana, pakhomo pa mayi Nasibeko padali tsinde la mpungabwi. Fungo lake ndilo linkathamangitsa Chimphuno, chilombo cha mitu isanu chodya ana. Popita kumunda mayiwo ankauza mwana wawo Naliyela kuti mpungabwiwo asauchotse padzuwa, zivute zitani.

Koma Naliyela adali mwana wachisoni, ndipo paja chisoni chidapha nkhwali. Tsiku lina dzuwa litaswa mtengo, iye adazula tsindelo, kukalibzala pamthunzi kuseri kwa nkhokwe, n'kulithira madzi mpaka matope. Masamba adachita chikasu, fungo lidatha. Chimphuno adangolowa ngati kwawo, n'kunyamula Kambani, mlongo wake wa Naliyela.

Amuna a m'mudzi adalondola ndi nkhwangwa. Akadula mutu umodzi, pankamera iwiri. Adabwerako manja ali m'khosi, chilombo chitasanduka cha mitu khumi.

Naliyela palibe adamuyang'ana n'komwe. Adathyola kanthambi kamodzi kamene kadatsala kamoyo, kukabzala m'chipanda cha dothi lamchenga, kusenza, ulendo. Ankayenda padzuwa pokhapokha. Madzi ankathira dothi likauma, ndipo akatsina nsonga imodzi pankaphuka ziwiri, mpaka chipanda chidadzaza thothotho. Njuchi ina idamupempha kuti asiyeko nthambi imodzi ichite maluwa. Iye adavomera, ndipo njuchiyo pothokoza idamutsogolera mpaka kuphanga la Chimphuno, n'kumulangiza kuti avundikire chipandacho ndi nsalu.

Chimphuno adatuluka akunyambita milomo yonse khumi. Adati Kambani amubweza ngati Naliyela amasula mwambi wake, apo ayi adya onse awiri.

"Ndani amene ukamudula mutu amakuthokoza?"

Naliyela adagwada mwaulemu.

"Alipo awiri, agogo. Inuyo, ndi uyu ndasenzayu."

Chilombocho nsanje idachigwira, poti chinkayesa kuti chilibe mnzake padziko lonse. Mitu yonse idawerama kuti imuone. Naliyela adatula chipanda, kuvundukula nsalu, n'kufikisa masamba m'manja. Fungo lophikidwa ndi dzuwa la ulendo wonse lidalowa m'mphuno zonse. Mutu woyamba udayetsemula, n'kuthothoka. Wachiwiri chimodzimodzi. Pamalo pake sipadamere kanthu, poti palibe adaudula. Wakhumi utagwa, thupi lidauma n'kusanduka chulu, ndipo Kambani adatuluka m'phanga akutikita maso.

Kumudzi nthungululu zidamveka mpaka kudambo. Amuna a nkhwangwa aja adabwera mmodzimmodzi, manja awiri, kudzapempha kanthambi koti akabzale pakhomo pawo. Naliyela mtima sudakhazikikebe. Adakagwada pamaso pa mayi ake, kudikira mawu owawa amene ankadziwa kuti ngomuyenera.

Nasibeko adamukweza Kambani pamwendo, n'kumununkhiza kumutu nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu. Kenaka adatsika pampando, nagwada pafumbi moyang'anizana ndi mwana wawo wamkazi.

"Ine ndidakupatsa lamulo, chifukwa chake osakuuza. Iwe wakachipeza wekha, n'kundibwezera mwana. Zikomo, mayi wanga."