Nyozeni ndi Chilombo cha m'Chitsime cha Pakatope

Kudangokhala mudzi kutsinde kwa phiri, ndipo lamulo lake lidali limodzi: chimbudzi osakumba kumtunda kwa chitsime. A Gwaza adati kumunsi kuli miyala, khasu silikulowa. Adakumba kumtunda. Anzawo awiri ataona kuti palibe chachitika, nawonso adakumba komweko.

Mvula itagwa, madzi adayamba kununkha. M'mawa wina Mpatseni, kamwana ka mlongo wawo wa a Gwaza, kadasuzumira m'chitsimemo, dzanja lamatope n'kukakokera pansi. Amuna adabwera ndi mikondo, adasuzumira, kenaka aliyense adakumbukira kuti ali ndi ntchito kumunda.

Mkulu wake wa Mpatseni adali Nyozeni, mtsikana wotuwa amene anthu ankamukumbukira pokhapokha mtsuko ukauma. Adamanga chingwe pamtengo wa katope, adatenga khasu, n'kutsika.

Pansi nkhanu yaikulu idatsekereza njira, idati sadutsa asanamasule ndagi. "Ndimayenda osaoneka. Chomwe wataya kumtunda ndimakubwezera m'chikho."

"Madzi apansi," adatero Nyozeni. "Patukani, mayi, mwana akuzizidwa."

Nkhanu idaloza kankhono kali pansi pa phazi la chilombo cha mitu itatu. Idati mwanayo yamusandutsa nkhono kuti asatafunidwe, ndipo adzabwerera akadzatsukidwa ndi madzi oyera a chitsime chomwechi. Sabata ikatha, adzakhala nkhono mpaka kale.

Nyozeni adatema mutu umodzi, udaphukanso. Adatema wina, chimodzimodzi.

"Tema, mwana iwe," chidatero chilombo. "Amalume ako amandidyetsa m'mawa uliwonse."

Mtsikanayo adayang'ana kumwamba. Mutu uliwonse unkayamwa pa mng'alu wake, pomwe pankadontha madzi akuda. Ming'alu itatu, zimbudzi zitatu. Adasiya kutema, adakwera.

Kumudzi Nyozeni adati zimbudzi zitatu zija zikwiriridwe, koma a Gwaza adakana. Adati chimbudzi chawo n'chatsopano, chamalata, ngakhale alendo amachiyamikira.

"Amalume, sankhani," adatero Nyozeni. "Malata kapena mwana wa mlongo wanu."

Amake Mpatseni sadadikire yankho. Adayamba okha kugwetsa khoma, amayi ena n'kubwera ndi phulusa ndi dothi. Adakwirira zonse zitatu. Zatsopano adakumba kumunsi, pamiyala pomwepo, manja mpaka matuza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Nyozeni adatsikanso. Chilombo chidali chitafota, mitu ili lende ngati maungu ovunda. Adatema kamodzi, chidasanduka matope. Anthu adakapa matopewo tsiku lonse mpaka madzi oyera adatumphuka. Nyozeni adatsuka kankhono kaja, ndipo m'manja mwake mudakhala Mpatseni, akulira kuti akufuna phala.

Kuyambira pamenepo, m'mudzimo munthu sakumba dzenje Nyozeni asanaone malo. Chaka chotsatira a Gwaza adamuitana okha, khasu lili m'manja.

"Pano bwanji, mayi?"

Nyozeni adayang'ana chitsime, adayang'ana khasu.

"Tsikani ndithu kumunsi, amalume."

Adatsika. Yanga yathera pomwepa, ndikatunge.