Kubuula kwa njinga ya malemu Wyson

Malemu Wyson anasiya mkazi, ana atatu, dimba la tomato kutsidya kwa mtsinje wa Lirangwe, ndi njinga yamoto ya matayala anayi imene anagula pafamu ina ku Chileka. Njingayo ndiyo inkadyetsa banjalo. Njira ya kudimba ndi ya miyala ndi zigwembe, galimoto siyerekeza n'komwe, koma iyo inkakwera ndi madengu asanu ndi limodzi mpaka pamsika wa Lirangwe.

Maliro atatha, mng'ono wa malemuyo, Gracian, anadzipereka kuti aziiyendetsa, tomato wa alamu ake, a Christobel, angaolere kudimba. Mtima anali nawo wabwino, tisamunamizire. Nthenda yake inali imodzi: anagwirapo ntchito pachigayo zaka ziwiri, ndiye m'maso mwake panalibe chitsulo chomuposa nzeru.

Tsiku lina anaona kuti oyilo wa mu giyabokosi, momwe mumakhala mano osinthira liwiro, watsika. Sanauze munthu. Anapita kuchigayo kuja, natunga oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini, n'kumuthira mpaka kukamwa. “Oyilo ndi oyilo,” anadziuza yekha, akupukutira manja pathalauza.

Patatha sabata njinga inayamba kulira. Sikunali kulira kwa chitsulo kumene tonse timakudziwa. Kanali kaliwu koonda, kotalika, konga ka munthu wobuulira m'nyumba yotseka. Pachidikha kankamveka pansipansi, koma pachitunda cha m'mbali mwa manda, kumene Wyson anagona, kankakwera mpaka tsitsi kuima. Dzuwa lili paliwombo, mitengo ya kumanda ili duu, kaliwuko kankamulondola Gracian kumbuyo, iye akaima nako n'kukhala chete. Amayi ochokera kumjigo anayamba kupatuka njira akamva kuti ikubwera.

“Alamu, mwawamva?” anafunsa a Christobel tsiku lina. “Ndi bambo a Tiyamike amenewa, amuna anga. Masiku awo omaliza ankabuula chomwechi.”

“Ndawamva,” anayankha Gracian, maso ali pansi. “Kaya tawalakwira chiyani.”

Awiriwo anaitana akulu a mpingo, amene anapempherera njingayo itaima pabwalo. Azakhali ena, mobisa, anakathira ufa patsinde la mtengo wa kumanda. Kubuula sikunaleke. A Christobel anasiya kudya, akudzifunsa chimene anawamana amuna awo ali moyo, ndipo anaonda anthu akuona. Za oyilo uja zinamubwerera Gracian m'mutu kangapo, koma ankazithamangitsa. Kwa iye kuopa mzimu kunali kopepuka kusiyana ndi kuvomera kuti pali chimene sadziwa.

Tsiku la msika, madengu atadzaza, anafika pachitunda chija. Kaliwu kanakwera, kanakwera, kenaka panamveka kukuwa kumodzi kokha, njinga n'kuima njii. Kunangoti zii. Tomato anagubuduzika kutsetsereka kulowera kumanda, ndipo Gracian analiyatsa liwiro osacheuka. Njinga inakhala pomwepo masiku atatu popanda woikhudza, tomato akuola, ntchentche zili ng'waa.

Amene analimba mtima ndi a Duncan, makaniko wa pa Lirangwe, munthu wosachedwa ndi nkhani za mizimu. Anabwera ndi masipanala awo, a Christobel ndi Gracian ataima chapatali. Atamasula bawuti ya pansi pa giyabokosi, munatuluka madzimadzi akuda onunkha chopsereza, odzaza tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa.

“Wakufa alibe mlandu apa,” anatero a Duncan. “Ankalira ndi mano awa, akukukutana okhaokha. Muno mumafunika oyilo wake wake wa giya, osati zotsukira injini izi. Anathira ndani?”

Gracian anasendera pafupi. “Ndine, achimwene.”

“Mano onse aperepeseka, ndipo a mtundu uwu kuno sapezeka. Yatha iyi.”

Pofuna kuona mawaya, a Duncan anakweza mpando umene Gracian ankakhalira tsiku ndi tsiku. Pansi pake panali botolo la oyilo losatsegula, lokulungidwa m'nsanza. Pabotolopo panali mawu olembedwa ndi dzanja lopendekera: “Wa giya. Musathire wina.”

A Christobel analizindikira dzanjalo. Analandira botolo nalifungata, misozi ili chuchuchu.

“Ndinawaona akuliika mwezi umene anayamba kudwala,” anatero. “Alamu, masabata onsewa ndakhala ndikupepesa munthu wosandikwiyira. Mukanangondifunsa.”

Gracian anasowa poyang'ana. Chisoni anali nacho, koma chisoni sichimeretsa mano a giya.

Masiku ano a Christobel amakwera chitunda chija wapansi, dengu limodzi lili pamutu, asanu otsalawo akuolera kudimba. Pamanda amadutsa osaopa, chifukwa palibenso chobuula. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.