Kalipentala Wofuna Kung'ambidwanso Mwendo

Panali dokotala wina wa mafupa, mayi wosapsa mtima msanga. Tsiku lina anamubweretsera kalipentala amene anagwa padenga. Fupa la mwendo linali litanyenyeka, pakati n'kutsala mpata wotalika ngati chala.

Dokotalayo anaika mumpatamo kanthu koyera kopangidwa ndi akatswiri, ka timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Anati, "Bambo, aka ndi kachimango chabe. Fupa lanu lidzamera m'timabowomu, ndipo iko kadzasungunuka pang'onopang'ono mpaka kutha." Anafotokoza kawiri. Kachitatu anachita kujambula papepala. Kalipentala ankangoti eya, eya, maganizo ali kwina.

Patapita zaka ziwiri, kuchipatala cha kwawo anamuunika mwendo n'kumuuza kuti kachimango sikakuonekanso. M'mawa mwake anatulukira kwa dokotala uja, thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'mawondo.

"Adokotala, munandipusitsa! Chinthu chija mulibemo. Ine ndikakhoma thabwa padenga limakhala pomwepo. Ng'ambani mwendowu muikemo china."

Dokotala anamuonetsa chithunzi cha fupa lathunthu, lopanda mpata. Iye anachikankhira uko. Anamufotokozeranso modekha, iye n'kukweza mawu. Panja odwala anali pamzere, ena ndi ndodo, ena ochita kunyamulidwa. Dokotala anavula magalasi, nausa moyo.

"Mwabwera pa chiyani, bambo?"

"Wapansi. Ndi mkwiyo wonsewu ndikanadikira minibasi ine?"

"Kuchokera kuti?"

"Kuseri kwa phiri lija. Ndanyamuka m'bandakucha."

Dokotala anadzuka, natsegula chitseko. "Mwendo umene wakufikitsani kunowo ukubwezeni. Ine fupa lamoyo sinding'amba. Wotsatira alowe!"

Kalipentala anatuluka akung'ung'udza. Anang'ung'udza njira yonse mpaka kwawo, osatsimphina n'komwe.

Nanu, abale anga, mwanditopetsa. Tsiku lililonse ndimamva zomwezo: "Amene anandiphunzitsa ntchito sabweranso kudzandiona. Amene ankandigwira dzanja ananditaya." Kodi sanakuuzeni pachiyambi pomwe kuti adzachoka? Akanakhalabe, inuyo mukanamera pati? Musanakagogode pakhomo pake ndi mlandu wanuwo, taimani kaye, muyang'ane pansi, muone kuti mwaima pa miyendo ya yani.