Kafilimu Kamene Zipolopolo Anakana

Mwini holo yoonetsera mafilimu ya pakona anthu ankangomutcha Zipolopolo, chifukwa kwa iye filimu yopanda mfuti sinali filimu. Tsoka lake, oonera anali atatopa nazo. Mipando inkangotuwa ndi fumbi, ndipo mwini nyumba amene ankamulipiritsa lendi anali atamuuza mosapsatira kuti Loweruka likapanda kudzaza anthu, holoyo aipereka kwa wogulitsa matiresi.

Lachinayi kunafika wobweretsa mafilimu ali ndi awiri. Imodzi inali ya nkhondo, chithunzi chake moto wokhawokha. Inayo inali kafilimu koseketsa kachikondi, kopanda wosewera wotchuka, chithunzi chake chofwifwa ngati nsalu yakale. Mlamu wake wa Zipolopolo, mayi amene ankang'amba matikiti pakhomo, anali atakaonerapo.

"Alamu, tengani aka," anatero mayiyo. "Mtsikana ndi wakuba mawotchi, ndiye wapolisi womusaka uja n'kumukonda. Akamugwira amanamizira kuti waiwala unyolo, kuti mawa amusakenso. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa."

"Amafa angati?"

"Palibe amafa."

"Ndiye anthu asiye ntchito zawo kudzaonera zibwana?"

"Ingoonerani mphindi khumi zokha, alamu."

Zipolopolo anakana kwamtuwagalu, osakayang'ana n'komwe. Wobweretsa mafilimu anangopukusa mutu n'kukasiya kafilimuko kwa telala wa khomo loyandikana, amene Loweruka ankakankhira mashini ake pambali n'kupachika nsalu yoyera pakhoma.

Loweruka masana m'holo munalowa anthu anayi, mmodzi n'kungofikira kugona. Mfuti zinkalira ndithu, koma kuseri kwa khoma kunkachokera phokoso loziposa: anthu akufa nalo phwete. Zipolopolo anatuluka atalusa kuti akawaletse.

Atasuzumira kwa telala anangoti kakasi. Anthu anali atadzaza thothotho, ena atakwera patebulo lodulira nsalu, ena akuonera pazenera. Kutsogolo kunali mkazi wake wa Zipolopolo yemweyo, amene m'mawa ankati mutu ukumuwawa. Chapafupi panali mwini nyumba, akupukuta misozi ya kuseka ndi tayi.

Pansalu paja, mtsikana anali kubwezera wapolisi wotchi imene anamubera, ataipititsa nthawi patsogolo kuti asadzachedwenso pokumana. Zipolopolo anamva wina akuseka chikhakhali, ndipo anadzidzimuka pozindikira kuti ndi iye mwini. Anagwira pakamwa ndi manyazi, koma miyendo inakana kuchoka. Anaonera chiimire mpaka pomwe mtsikanayo anakadzipereka yekha kupolisi kuti bwenzi lake lisachotsedwe ntchito. Apo misozi inalengeza m'maso mwake, chinthu chimene nkhondo zonse zija sizinamuchitepo.

Anthu akutuluka, mwini nyumba anamuona pakhomo.

"Akuti kameneka kanayamba kufika kwa inu, n'zoona?"

"N'zoona, bwana."

"Ndiye simunakakonde?"

"Ndinakakana ndisanakaonere."

"Makiyi mundibweretsere Lolemba," anatero mwini nyumba, n'kumapita.

Zipolopolo anatsala ataima pakhonde, pakamwa pali yasa, akumva anthu akupempha telala kuti akabwereze mawa. Zaka khumi ndi ziwiri za holo yake zinathera pa mphindi khumi zimene anakana kupereka. Kafilimu kaja kanalibe nkhope yokopa, koma kankadziwa kugwira anthu mtima. Paja akuluakulu anati ukaipa, dziwa nyimbo.