Funso Limodzi la Nachisale

Nachisale, wochita kafukufuku kuyunivesite, anakonza mafunso khumi oti akafunse a Kamtedza, mkulu wa zachuma pabanki ina ku Blantyre.

"Ndilibe nthawi, mayi," anatero bwanayo. "Funso limodzi basi, muzipita."

Nachisale anawapatsira pepala la mafunsolo ndi manja awiri. "Chabwino, bwana. Pamenepa, ndi funso liti lingakukanikeni?"

"Kundikanika ine?" A Kamtedza anavala magalasi. "Loyambali n'lophweka. Tamverani."

Anayankha loyamba, lachiwiri, mpaka lakhumi, akuchonga lililonse ndi cholembera chawo. Nachisale ankangolemba.

"Mwaona? Palibe!"

"Palibedi, bwana," anavomera Nachisale, akutseka kope lake lodzaza.

A Kamtedza anayang'ana wotchi. Ola lathunthu linali litatha. Anangoti kukamwa yasa, kenako anaphulika kuseka.

"Mayi inu, tulukani musanandigulitse!"